Kuchokera pa mfundo kufika pa singano: mbiri ya makapeti a ku England

Kale m'tauni ya Axminster, m'chigawo cha Devon kumwera chakumadzulo kwa England, kapeti yaikulu ikatha kuwombedwa ankaliza mabelu a tchalitchi. Ankainyamula n'kukaiyala pamwamba pa mabenchi a m'nyumba yopemphereramo kuti anthu aione isanapite kwa mwiniwake. Chisangalalocho chinali ndi chifukwa chake. Kapeti imodzi yotere inkadya miyezi yambiri, pakuti kaulusi kalikonse koimirira pamwamba pake kankamangidwa ndi zala za munthu. Lero makina a m'fakitale amalavula kapeti yokwana nyumba yonse munthu asanamalize kumwa tiyi.

Ine ntchito yanga ndi yoyala makapeti m'nyumba za anthu kuno ku West Midlands, ndipo theka la ntchitoyo ndi kumatula akale. Womatula ndiye amadziwa zoona zake za kapeti, chifukwa amaiona kumsana itapondedwa zaka zambiri. Wogula amasankha mtundu ndi maluwa, n'kusisita ndi chikhatho kuti amve kufewa. Koma chimene chimalamula kuti kapeti ikhalitse kapena ithe msanga ndi ubweya wake wa pamwamba uja: wathithikana bwanji, ndi wautali bwanji, wadulidwa kapena wapindidwa, ndipo chaugwira kunsi n'chiyani. Kwa zaka pafupifupi 300 amisiri a dziko lino akhala akufunafuna njira yachangu ndi yotchipa yoimikira ubweya umenewu, ndipo njira iliyonse yatsopano inkakweza tauni ina n'kugwetsa inzake.

Njira yakale kuposa zonse ndi ya mfundo. Mu 1949 Sergei Rudenko, katswiri wofukula zakale wa ku Russia, anapeza kapeti m'manda a ku Pazyryk, m'mapiri a Altai ku Siberia, itasungika m'madzi oundana kwa zaka zoposa 2,000. Pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi pali mfundo pafupifupi 36, ndipo okwera pa akavalo amene anawombedwa m'mphepete mwake akuonekabe bwinobwino. Kapeti ya Ardabil, imene inamalizidwa ku Persia cha mu 1540 ndipo ili ku Victoria and Albert Museum ku London, ndi yotalika mamita oposa 10 ndipo ili ndi mfundo zoposa 25 miliyoni. Mfundo iliyonse imakulunga ulusi uwiri wa m'litali. Mzere ukatha, wowomba amadutsitsa ulusi wopingasa, n'kutsindira ndi chipeso cholemera, kenako n'kumeta nsonga. Mfundo zikachuluka, maluwa amaoneka mwatsatanetsatane, komanso ulusi uliwonse umatsamira unzake moti phazi limaponda nsonga zokha, ubweya osagona.

Thomas Whitty, wowomba nsalu wa ku Axminster, anaona kapeti yaikulu ya ku Turkey m'nyumba yosungiramo katundu ku London. Chinamuzunguza mutu n'chakuti inalibe msoko ndi umodzi womwe, pamene zowombera za kwawo zinkatulutsa nsalu zopapatiza zofunika kulumikiza. Atabwerera anayesayesa mpaka anakhoma chowombera chachikulu choimirira, ndipo mu 1755 anayamba kapeti yake yoyamba, omanga mfundo ali ana ake omwe. Pambuyo pake ankalemba atsikana a m'tauniyo, amene malipiro awo anali ochepa, n'chifukwa chake ankawaposa anzake a ku London pa mtengo. Mu 1789 Mfumu George III ndi mkazi wake Charlotte anakayendera fakitaleyo. Makapeti a banja la Whitty anayalidwa m'nyumba monga Royal Pavilion ku Brighton ndi Saltram pafupi ndi Plymouth, ndipo ena alipo mpaka lero. Koma ogula kapeti yomanga ndi manja ndi owerengeka. Moto unawononga fakitaleyo mu 1828, ndipo mu 1835 mdzukulu wa Whitty anagwa ndi ngongole. Zowombera zinasamutsidwira ku Wilton, ku Axminster n'kukhala zii kwa zaka 100, kufikira pamene Harry Dutfield wochokera ku Kidderminster anatsegulako fakitale ina mu 1937.

Anthu a ndalama zochepa ankaponda zina. Ku Kidderminster, m'mbali mwa mtsinje wa Stour, kuyambira cha m'ma 1735 ankawomba kapeti yopanda ubweya n'komwe, yafulati ngati mkeka, ya nsalu ziwiri zolowerana. Maluwa ankaoneka mbali zonse ziwiri, mitundu itasinthana, moti mbali imodzi ikada ankangoitembenuza. Vuto lake linali lakuti phazi linkaponda pa thupi lenileni la nsalu. Ulusi ukaperepeseka, chotsatira ndi chibowo. Ntchito ya ubweya ndi imeneyi: kulandira nkhanza za nsapato ndi mchenga kuti ulusi wogwira kapeti usakhudzidwe.

Cha m'ma 1749 John Broom anabweretsa m'tauniyo luso lochokera ku Flanders, la kapeti yotchedwa Brussels. Wowomba ankalowetsa waya chopingasa, ulusi wa ubweya wa nkhosa n'kukwera pamwamba pa wayayo n'kutsikanso, ulusi wopingasa n'kuutsekera kunsi. Akasolola waya, pankatsala mzere wa timalupu. Ulusi wamitundu unkachokera pa mafelemu kumbuyo kwa chowombera, kawirikawiri osapitirira asanu. Pa kadontho kalikonse mtundu umodzi wokha ndiwo unkakwezedwa, inayo n'kumayenda mobisala m'kati mwa msana. Anthu a ntchitoyi amautcha ulusi wakufa. Umakweza mtengo popanda kuonekera, koma ndi womwewo umapatsa kapeti thupi lolemera losatambasuka, ndipo phazi likaponda limapeza potsamira.

Ku Wilton, pafupi ndi Salisbury, kumene owomba ochokera ku France anakhazikitsa ntchitoyi cha m'ma 1740 mothandizidwa ndi Earl wa Pembroke, anawonjezerapo chinthu chimodzi chokha: mpeni. Ankadula timalupu tija pamwamba pa waya, poyamba ndi kampeni ka m'manja, pambuyo pake ndi kalezala ka kunsonga kwa waya kamene kamadula pamene wayayo akusololedwa. Ulusi ndi womwewo, utoto ndi womwewo, koma zotuluka ndi kapeti ziwiri zosiyana khalidwe.

Tengani tizidutswa tiwiri, ka malupu ndi kodulidwa, mupite nato pawindo. Ka malupu kamaoneka kowalirapo, chifukwa kuwala kukugunda m'mbali mwa ulusi n'kubwerera. Kodulidwa kamaoneka kozama mtundu, chifukwa mukuyang'ana nsonga, ndipo kuwala kukulowa pakati pake n'kumira. Tsopano pondanipo. Timalupu timapinda n'kudzukanso, sitisunga mapazi, n'chifukwa chake mpaka lero m'maofesi mumadzaza kapeti za malupu aafupi. Mdani wake ndi chilichonse chokola: chikhadabo cha mphaka, msomali wotuluka kunsi kwa mpando, chitseko chokhula. Ubweya wodulidwa ndi wofewa kuphazi ndipo sukoleka, koma umagona kumene phazi laukankhira.

Mayi ena a kwathu okhala ku Coventry anandiimbira foni patapita miyezi ingapo nditawayalira kapeti yosalala ya mtundu umodzi pabalaza.

"Achimwene, tabwerani mudzaone. Kapeti ija yachita chibanga, mwina mwana anatayirapo madzi."

Nditafika ndinawaimika pakhomo, banga linali lakuda. Ndinawaimika kuwindo, banga lomwelo linali loyera kuposa kapeti yonse.

"Achemwali, apa palibe madzi. Ubweya wa pamenepa wagona moyang'ana kwina, basi."

"Nanga lichoka?"

"Silichoka, koma kapetiyi sinawonongeke. Ikhala zaka zake zonse."

Sanakondwe nalo yankho langa, ndipo sindiwaimba mlandu. Khalidwe limeneli ndi la ubweya wodulidwa wosalala kuyambira kalekale. Akale sankadandaula nalo kwambiri chifukwa maluwa ochuluka ankalibisa. Linayamba kuvuta pamene anthu anakonda kapeti ya mtundu umodzi yochoka khoma kufika khoma.

Maluwa amenewo ankadya thukuta la ana. Wowomba aliyense wa Brussels ankakhala ndi kamnyamata kapena kamtsikana kokoka zingwe zokwezera mitundu ndi kusolola mawaya, kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ndipo malipiro a mwanayo ankachokera m'thumba la wowombayo. Mu 1828 eni mafakitale a ku Kidderminster anatsitsa malipiro a yadi imodzi kuchoka pa sheleni, yomwe inali makobiri 12, kufika pa makobiri 10. Owomba ananyanyala ntchito kwa miyezi pafupifupi isanu, njala inawapinda, ndipo anabwerera pa malipiro otsikawo. Nthawi imeneyo n'kuti makadi obowola a Jacquard atayamba kulanda ntchito yosankha mitundu. Kenako kunabwera nthunzi. Erastus Bigelow wa ku Massachusetts anaonetsa makapeti owombedwa ndi makina ake pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851. A Crossley a ku Halifax ndiwo anagula ufulu wogwiritsa ntchito lusolo, ndipo Kidderminster inachita kuthamangira pambuyo. Makina onsewa ankawomba nsalu ya mainchi 27 m'lifupi, pafupifupi masentimita 69. M'nyumba zina zakale ndikamatula kapeti ndimapeza misoko ya pamanja kumsana, itatalikirana muyeso womwewo.

Mitundu isanu inali yochepa kwa anthu amene ankasirira maluwa a ku Persia. Ankafuna kapeti ya mitundu yambiri ngati yomanga ndi manja, koma pa mtengo wa makina. Mu 1839 James Templeton wa ku Glasgow analembetsa njira yowomba kawiri: poyamba nsalu yamizere imene ankaidula kukhala tizingwe taubweya, kenako n'kuyala tizingweto pa msana. Ku Yonkers, m'chigawo cha New York, Halcyon Skinner anakonza makina oika ulusi wamitundu mzere ndi mzere kuchokera pa zokulungira, ndipo mu 1878 kampani ya Tomkinson and Adam ya ku Kidderminster inagula ufulu wake. Mu 1890 a Brintons, a m'tauni yomweyo, anabweretsa makina okhala ndi timilomo tachitsulo timene timajompha kaulusi ka mtundu wofunikawo, kampeni n'kudula, timilomoto n'kukabzala kaulusiko m'nsalu katapindika ngati chilembo U, ulusi wopingasa n'kukatsekera. Makapeti onsewa amagulitsidwa ndi dzina la Axminster, ngakhale mulibe mfundo ya Whitty ndi imodzi yomwe.

Mu Axminster ya makina mulibe ulusi wakufa. Pafupifupi ubweya wonse umene mwalipira uli pamwamba. Mukafuna kuizindikira, yesani kuikulunga: imalola mbali imodzi yokha, chifukwa ulusi wopingasa wa kumsana, umene kale unali wa jute wopangira ziguduli, ndi wouma gwa. Kulimba kwake kumawerengeka ndi maso. Nthawi zambiri pa inchi imodzi m'lifupi pamakhala timagulu ta ulusi 7, ndiye kusiyana kumabwera pa mizere ya m'litali. Mizere 7 pa inchi imapereka timagulu 49 pa sikweya inchi, mizere 10 imapereka 70. Pawindo la sitolo ziwirizi zimafanana, koma pakhomo la hotela zimasiyana pasanathe zaka zambiri. Mahotela, sitima zapamadzi zonyamula alendo ndi malo omwera mowa amakondabe Axminster: maluwa amabisa zotayikira, ndipo kagulu kalikonse kanatsekeredwa m'thupi la nsalu. Ambiri mwa mabala a Wetherspoon ali ndi kapeti ya mtundu umenewu, lililonse ndi maluwa akeake.

Nkhonya imene inagwetsa matauni owomba inachokera kutali, kwa mtsikana wa pafamu pafupi ndi Dalton, ku Georgia m'dziko la America. Mu 1895 Catherine Evans, ali ndi zaka 15, anatsanzira nsalu yakale yoyala pabedi imene anaiona kwa abale ake. Ankasoka ulusi wonenepa wa thonje pa nsalu yoyera, n'kudula pakati pa misoko kuti ulusi uimirire timagulu, kenako n'kuchapa nsaluyo m'madzi otentha kuti ifinye n'kugwira ulusiwo. Mu 1900 anagulitsa yoyamba pa $2.50. Patapita zaka, amayi masauzande a m'midzi yozungulira ankasoka nsalu zotere pakhonde, ndipo zinkayanikidwa m'mbali mwa msewu wa Highway 41 kuti apaulendo opita ku Florida agule. M'zaka za m'ma 1930 amisiri anasintha makina osokera a Singer kuti azigwira ntchitoyi, kenako anayamba kundanditsa masingano pa mzere umodzi. Pofika cha m'ma 1950 makinawo anali atakula kupitirira mamita atatu ndi theka m'lifupi, masingano ali mazanamazana, ndipo chimene ankatulutsa chinali chitatsika pabedi kupita pansi.

Kumeneku si kuwomba ayi. Nsalu ya msana imapangidwa kale payokha. Singano imangobaya, kambedza kunsi n'kugwira ulusi, singano n'kubwerera. Akafuna malupu amasiya choncho, akafuna ubweya wodulidwa kampeni kamadula pa kambedzapo. Koma pofika apa palibe chimene chagwira ulusiwo, mutakoka mzere wonse ungasololoke. Ndiye amapaka guluu wa mphira kumsana n'kumatapo nsalu yachiwiri. Moyo wa kapeti yotere, imene m'masitolo amaitcha tufted, uli pa guluuyo. Ku America, makapeti obaya ndi singano anali masikweya yadi pafupifupi 6 miliyoni mu 1951, koma pofika 1968 anayandikira 400 miliyoni. Nayiloni ya DuPont, yokonzedwa mwapadera kuti ikhale yofufuma, inafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 n'kuthetsa vuto la thonje logona msanga. Fakitale yaikulu ya Alexander Smith ku Yonkers, kumene Skinner anagwira ntchito, inali itatsekedwa kale mu 1954.

Kuno ku Britain amene anatchuka nayo njirayi ndi Cyril Lord, ndi fakitale yake ya ku Donaghadee ku Northern Ireland. Anagulitsa makapeti otchipa kwa mabanja amene makolo awo sanalotepo zoyala kapeti chipinda chonse, koma bizinesi yake inagwa mu 1968. Singano yokha ndiyo sinagwe. Makina ake ankathamanga kuposa chowombera chilichonse, ndipo kunali kosavuta kuchepetsa mtengo: kutalikitsa mpata pakati pa masingano, kuchepetsa misoko, n'kutalikitsa ubweya kuti msana usaonekere. Kapeti za ubweya wautali wotchedwa shag, zimene zinatchuka m'zaka za m'ma 1970, zinkameza zala m'sitolo, koma m'njira yopita kukhitchini zinkaphwatalala n'kupotana, huva osathanso kuzidzutsa.

Kidderminster, imene pa nthawi ya ulemerero wake nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha inkalemba anthu oposa 10,000 m'mafakitale a makapeti, inayamba kufota. Mafakitale anatsekedwa motsatizana. Pamene panali nyumba zowombera za Brintons, pakati pa tauni, lero pali masitolo a Weavers Wharf, ndipo kampaniyo, imene inayamba mu 1783, imawomba makapeti ake ambiri ku Portugal ndi ku India. Mu 2012 m'nyumba ya Stour Vale Mill, yomangidwa mu 1855, munatsegulidwa malo osungiramo zowombera zakale.

Mbiri yonseyi ine ndimaiwerenga ndi mpeni m'manja. Kapeti yakale ya mtundu wa Wilton ya pa masitepe imatha pamphuno pa sitepe pokha, pamene chidendene chimakhula potsika, kwinako ili bwinobwino. Oyala akale ankadziwa zimenezi, moti ankasiya kansalu kapadera katapindidwa pa sitepe yomalizira, kuti pakapita nthawi aisunthe kapetiyo pang'ono, podyeka pakabisale pakona. Kapeti yobaya ndi singano yotchipa imafa imfa ina. Nayiloni kapena polypropylene wake sadyeka n'komwe, koma ubweya umagona osadzukanso, kapena guluu amauma, nsalu ziwiri za kumsana n'kulekana, kapeti n'kuchita mafunde. Za m'zaka za m'ma 1970 zokhala ndi siponji kumsana ndiye zimasiya fumbi lakuda lomatirira pathabwa, lochita kupala ndi chitsulo.

Komabe singano sindiinyoza. Inaika kapeti pansi pa mapazi a anthu amene Whitty sakanawayang'ana n'komwe, ndipo kapeti yobaya yopangidwa mosaumira imakhalitsa ndithu. Masingano 10 pa inchi, misoko yothithikana, ubweya waufupi, ulusi wopotedwa kolimba n'kuwotchedwa ndi nthunzi kuti usamasuke, wosakaniza magawo 80 a ubweya wa nkhosa ndi 20 a nayiloni: yotereyi ndaiyala pa masitepe a mabanja a ana ambiri, ndipo imapirira. Kupotako kuli ndi phindu linanso. Nsonga zimayang'ana uku ndi uku, ndiye mapazi ndi mabanga onama aja sizioneka kwenikweni. Chimene sichinasinthe kuyambira ku Pazyryk n'chakuti kuthithikana kumadya ulusi, ulusi ndi ndalama, ndipo wofuna kutsitsa mtengo amayamba kudula pamenepo, pamene diso la wogula silifika.

Choncho mukalowa m'sitolo, musakhutire ndi kusisita. Tengani kachidutswa, mukapinde chagada monga mmene kadzapindikire pamphuno pa sitepe. Msana ukaonekera msanga pakati pa mizere, ubweyawo ndi wapatalipatali. Dinani ndi chala chachikulu muone ngati ukudzuka. Solani kagulu kamodzi m'mphepete mumve ngati kakukana. Kuchipinda chogona gulani yofewa imene mtima wanu wakonda, chifukwa simudutsa anthu ambiri. Koma pa masitepe, m'kolido ndi pabalaza, ubweya ukhale waufupi, wothithikana ndi wopotedwa kolimba. Ndalama zikachepa, ndi bwino kusiya mtundu umene mumaufuna kusiyana ndi kuchepetsa ulusi.